Mwamuna wa m'buku sapita ku chikamwini

Mwana wa achemwali anga amaluka tsitsi m'saluni ina pa Luchenza, ndipo masiku ano akaweruka safuna zocheza. Amadya mothamanga, n'kukadzipinda pabedi, foni ili kumaso. Amayi ake anabwera kudzandidandaulira kuti mwanayu ayenera kuti wagwa m'manja mwa mwamuna, apo ayi sakanamaseka yekha pakati pa usiku ngati wadya chamba. Nditamufunsa sanabise, anangondipatsira foniyo. Mwamunayo analipodi. Ndi wamtali, wa mapewa otambalala, mpondamatiki wokhala ndi kampani ya nsanjika 40, saseka ndi munthu, ndipo antchito ake akangomva kugunda kwa nsapato zake mitima imakhala m'mwamba. Ndinamupeza m'gawo 212 la nkhani yomwe mtsikanayu anayamba kuwerenga nandolo asanachite maluwa.

"Anti, musandiseke," anatero.

Ndikanamuseka bwanji? Ife amene tinali ku sekondale ya atsikana m'ma 1990 tikudziwa zomwe zinkachitika magetsi a kuhositelo akazima. Kabuku kamodzi kachikondi ka Mills & Boon kankayenda bedi ndi bedi, katakutidwa ndi nyuzipepala kuti amatroni aziyesa ndi notsi. Chikuto chinali chitathothoka kalekale. Kena kanafika kwa ine masamba atatu omaliza atasowa, ndipo ndinachita kupereka theka la chigumu kwa mnzanga wa Folomu 4 kuti andiuze mathero ake, ngakhale mathero ndinkawadziwa kale. Amakwatirana. Nthawi zonse amakwatirana.

Malonda amenewa ndi akale kuposa anganga anga. Mills & Boon inayamba ku London mu 1908, ndipo mu 1971 inagulidwa ndi kampani ya ku Canada ya Harlequin. Mu 1977 a Macmillan anayambitsa timabuku ta Pacesetters, tambiri mwa ito tolembedwa ndi anthu akuda anzathu, ndipo kwa ambiri a ife kanali koyamba kuona anthu akukondana ku Lagos kapena ku Nairobi m'malo mwa kumaiko a chipale chofewa. Lero pepala lacheperako. Pali Wattpad, tsamba la pa intaneti lolemberapo ndi kuwerengerapo nkhani, yomwe inayamba ku Toronto mu 2006, pali magulu a pa Facebook ndi pa WhatsApp, komanso pali mapulogalamu a pafoni amene amakupatsa magawo oyamba ulere, ukakodwa n'kuyamba kukulipiritsa gawo lililonse. Apa mpamene pagona chinsinsi cha gawo 212. Kabuku kathu kaja kankatha usiku umodzi kapena uwiri chifukwa wosindikiza anali atalandira kale ndalama yake. Nkhani ya pafoni ikatha, ndalama nayonso yatha. N'chifukwa chake kusamvana koti kukanatha ndi funso limodzi lokha, loti "kodi mkazi ndinakuona naye uja ndani", kumakokedwa miyezi itatu, kenaka n'kudzapezeka kuti anali mlongo wake.

Koma ndisathamangire kudzudzula. Odzudzula mabukuwa alipo kale ambiri, ndipo ambiri mwa iwo sanatsegulepo ngakhale limodzi. Amati ndi zachabechabe, nkhani yake ndi imodzimodzi. Abambo amene amanena zimenezi ndi omwe aja Loweruka lililonse amakhamukira koonetsa mpira kukaonera anthu 22 akuthamangitsa chikopa kwa mphindi 90, malamulo ake omwewo, zigoli zake ziwiri zomwezo, ndipo palibe amawauza kuti akutaya nthawi. Tonsefe tinakula ndi nthano za kalulu. Pamene anganga ankati "padangokhala", ife n'kuyankha kuti "tili tonse", panalibe mwana ndi mmodzi yemwe amene ankaopa kuti kalulu afa. Chokoma chinali kumva kuti lero apulumuka bwanji. Buku lachikondi limalonjeza chinthu chimodzi, kuti awiriwa adzathera pamodzi, ndipo limasunga lonjezolo. Kwa munthu amene analonjezedwa makuponi a feteleza, analonjezedwa mlatho umene Namondwe Freddy anakokolola mu 2023, analonjezedwa ukwati ndi bambo wa mwana wake, chinthu chosunga lonjezo si chochinyoza.

Mayi wina wophunzira wa ku America, Janice Radway, anakhala pansi ndi amayi okonda mabuku amenewa m'tauni ina ya kwawo, n'kutulutsa zomwe anapeza mu 1984. Amayiwo anamuuza zinthu zomwe mayi wa ku Thekerani angazimvetse popanda womasulira. Iwo anati kutsegula buku kunali ngati kutseka chitseko. Tsiku lonse amasamala ena, mwamuna, ana, odwala, koma akagwira buku ndiye kuti nthawi imeneyo ndi yawo. Taganizirani za mayi wothyola tiyi. Wadzuka kusanache, waphikira ana phala, wayenda mtunda m'chiperoni, wakhala chiimire ndi dengu kumsana mpaka dzuwa kupendeka, wakaima pamzere wa sikelo, pobwerera wadzera kotola nkhuni. Kunyumba akumudikira kuti atereke madzi osamba a bambo. Kodi tsiku lonseli alipo wamufunsa kuti "watopa?" Mwamuna wa m'buku amafunsa. Amazindikira kuti mkazi sanadye. Amakumbukira zomwe mkaziyo ananena mwezi watha. Akalakwa, pamapeto pake amagwada n'kupepesa, pakamwa pake penipeni, osati kungobwera ndi kachitenje n'kukaponya pampando ngati palibe chinachitika. Ndikukhulupirira kuti galimoto ndi ndege za mpondamatikiyo ndi zokometsera chabe. Chimene chimagulitsa mabukuwa ndi mwamuna womva. Amuna a kuno akanakhala ochenjera, bwenzi akuwabera akazi awo mafoni, osati kuti afufuze mauthenga, koma kuti awerengeko magawo awiri atatu.

Choncho pa zomwe akazi amalakalaka, mabukuwa sanama. Bodza lawo lili pa munthu amene amamusankha kuti abweretse zimenezo, ndi njira imene amadzera.

Tiyambe ndi bwana. M'nkhani ya mwana wa achemwali angayu, mtsikana ndi sekilitale, mwamunayo ndi mwini kampani. Tsiku loyamba amunyoza pamaso pa anthu. Sabata yachiwiri amuuza kuti atsalire ena akaweruka. Kenaka amutsekereza pakhoma la ofesi, mtsikanayo mtima uli phaphapha, ndipo wolemba akutiuza kuti kugunda kwa mtimako ndi chikondi. Ndinawerenga ndime imeneyo nditakhala pakhonde, ndikuona minda ya tiyi ili mbee kutsetsereka mpaka kumtsinje, ndipo thupi langa linachita tsembwe. Kuno nkhani ya bwana ndi wantchito wamkazi tikuidziwa, ndipo sithera paukwati. Ntchito yambiri ya m'maesiteti ndi ya nyengo. Mvula ikagwa tiyi n'kuphuka, anthu amalembedwa. Chilimwe chikafika, ambiri amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Amene ali ndi mawu pa zoti dzina lako libwerere m'kaundula, amene amakugawira mzere wothyola, amene amayang'ana sikelo, ameneyo wagwira ufa wa ana ako m'manja mwake. Mu February 2021 kampani ya ku Britain ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inavomera kutulutsa mapaundi 2.3 miliyoni pothetsa dandaulo la amayi 36 a m'minda ya tiyi ya kuno, amene anakasuma ku London kudzera mwa maloya a Leigh Day ponena kuti anachitidwa nkhanza zogonana pantchito. Kampaniyo inalipira popanda kuvomera mlandu, ndipo zimenezo n'zofunika kuzinena. Koma amayi a m'makomboni sanadikire maloya a ku London kuti adziwe tanthauzo la mawu akuti "utsalire, ndikufuna ndikuuze zina".

Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limatcha khalidwe limeneli dzina lake, ndipo limaliletsa. Buku limalitcha chiyambi cha chikondi. Kusiyana kwa bwana wa m'buku ndi kapitawo wa kumunda n'koti wa m'bukuyo ndi wooneka bwino, amanunkhira, ndipo wolemba watitsimikizira kale kuti mumtima ndi munthu wabwino. Chotsani suti ndi perefyumu, muone chotsala.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi momwe mabuku ambiri otere amachitira ndi mawu akuti ayi. Mtsikana akana, mwamuna aumirira. Akananso, mwamuna amutsatira mpaka kunyumba, agula nyumba imene mtsikanayo amachita lendi, aopseza mnyamata aliyense womupatsa moni, amulanda foni, amuuza zovala zoti avale. Zonsezi akuti ndi umboni woti wakondedwa kwambiri. Pofika gawo 90 mtsikana uja wagonja, ndipo tikuuzidwa kuti chikhalirecho ankafuna, ankangodzinamiza. Kodi si zomwezi zimene anyamata amaphunzitsana pa siteji ya kabaza, kuti mkazi akakana ndiye kuti akufuna umunyengerere? N'zoona kuti pa chikhalidwe chathu namwali savomera tsiku lomwelo, amati "ndikaganize kaye", ndipo kumeneko ndi kudzilemekeza. Koma "ndikaganize" ndi "ndisiyeni" ndi mawu awiri osiyana, ndipo buku limene limawasakaniza likuthira mafuta pamoto umene ukuyaka kale. Tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, komabe pitani ku ofesi yothandiza ozunzidwa pa polisi iliyonse m'boma lino, mukamve kuti nkhani zambiri zimayamba bwanji. Zimayamba ndi nsanje imene poyamba inkakoma.

Ndiye pali chikhulupiriro china chimene chimayenda ndi zimenezi, choti mwamuna wankhanza ndi wovulala chabe. Mayi ake anamutaya ali mwana, kapena mkazi woyamba anamupusitsa, ndiye akungofunika mkazi woleza mtima amene angamuchize. Apa ndimaseka, koma kuseka kowawa. Mabukuwa amabwera ngati zachizungu, zamakono, zotsutsana ndi za makolo, pamene uthenga wake ndi womwe uja timaumva kwa alangizi usiku wa chilangizo: banja ndi kupirira, mwamuna ndi mwana, wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Wolemba wa ku New York ndi nankungwi wa ku Chonde agwirizana chimodzi, kuti ntchito yokonza mwamuna ndi ya mkazi. Kungoti wa ku New York amalonjeza kuti pofika gawo lomaliza mwamunayo asintha, pamene nankungwi, poti ndi munthu woona, salonjeza kanthu.

Nditamuuza zimenezi mwana wa achemwali anga, anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Anti, mukundiyesa mwana? Ndi nkhani chabe. Munthu atandigwira choncho kusaluni ndingamuthire madzi otentha." Ndipo ndikumukhulupirira. Owerenga si zitsiru. Amene amakonda mafilimu a nkhondo sapita kukaombera anthu pa Bvumbwe, ndipo ine amene ndinameza timabuku tambirimbiri sindinakhale pakhomo kudikira mwini sitima zapamadzi. Pali chisangalalo china pochita masewera ndi zinthu zoopsa uli pabwino, ngati mwana amene amapempha nthano ya fisi ali pamiyendo ya agogo ake. Munthu wamkulu asauzidwe zoti awerenge.

Kungoti foni sifunsa zaka. Iye ali ndi zaka 24 ndi ndalama yakeyake. Mng'ono wake wa Folomu 1 amabwereka foni yomweyo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 42 mwa 100 alionse m'dziko muno amakwatiwa asanakwane zaka 18, ndipo mpake kuti mu 2017 Nyumba ya Malamulo inachita kusintha malamulo aakulu a dziko kuti msinkhu wa ukwati ukhale 18 popanda kuzemba. Sindikunena kuti mabuku ndiwo amakwatitsa ana. Umphawi ndi umene umatero, pamodzi ndi fizi yosowa ndi sukulu zakutali. Koma mtsikana wosowa sopo akakumana ndi chidyamakanda cha galimoto pa Chitakale, nkhani zija zimakhala zitamupatsa kale dzina lokoma loitanira chimene chikuchitikacho. Saona bambo wa msinkhu wa atate ake amene akumugula. Amaona gawo loyamba.

Tsopano ndifike pa chimene chinandichititsa kulemba, chifukwa zonsezi ena ananenapo. Mwaonapo kuti mtsikana wa m'mabukuwa nthawi zambiri alibe abale? Makolo anafa pangozi, kapena ali kutali, kapena ndi anthu oipa oti athawidwe. Alibe malume. Alibe azakhali. Alibe munda. Ali yekhayekha ngati chitsa, kuti mwamuna akabwera akhale zonse: bambo, bwana, banki ndi nyumba. Pamapeto amanyamulidwa kukalowa m'chinyumba cha mwamunayo, ndipo ife tiziomba m'manja kuti wapulumuka.

Kwa Alhomwe ndi Amang'anja a kuno zimenezi ndi dziko loimirira ndi mutu. Kuno wonyamuka ndi mwamuna. Amabwera ndi kachikwama ndi khasu, ankhoswe atakambirana, n'kupatsidwa malo omanga pamudzi pa mkazi. Munda ndi wa mkazi, unachokera kwa amayi ake, udzapita kwa ana ake aakazi. Ana ndi a mbumba, ndipo pa nkhani zikuluzikulu mawu omaliza ndi a malume awo. Mkamwini akakumana ndi apongozi aakazi panjira amapatuka, ena mpaka kulowa m'chinangwa. Banja likatha, amene amapinda bulangete ndi iyeyo. Tandiuzani, mpondamatiki wa nsanjika 40 uja angakhale masiku angati pa chikamwini ku Goliati, akuyang'aniridwa ndi alamu asanu ndi agogo amene amawerenga mizere imene walima?

Sindikunena kuti chikamwini ndi paradizo. Amuna ena safuna kumanga nyumba ya malata kapena kudzala mitengo pa malo oti mawa akhoza kuthamangitsidwapo. Ena amachoka mosavuta, n'kukayamba banja lina kutsidya kwa mtsinje, mayi n'kutsala ndi ana asanu. Malonso ndi ochepa. Kuyambira m'ma 1890 pamene azungu anayamba kudzala tiyi ku Mulanje, nthaka yabwino inapita ku maesiteti, makolo athu n'kumagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa dziko lawo lomwe. Lero Thyolo yokha ili ndi anthu oposa 700,000, malinga ndi kalembera wa 2018, othinana m'mphepete mwa tiyi ndi makademiya. Kamunda kamene agogo anagawira ana aakazi anayi, anawo agawirenso awo. Nthochi zimene zinkaphunzitsa ana zinatha ndi matenda a chisaka. Ndiye mnyamata akwera basi ya ku Joni, monga agogo ake anapitira ku Wenela ndi ku Theba, chibwenzi n'kusanduka mauthenga a pa WhatsApp ndi kandalama ka pa Mukuru.

Koma taonani kuchuluka kwa nkhani m'menemo! Nkhani yachikondi imafuna chinthu chimodzi, chopinga chenicheni pakati pa anthu awiri ofunana. Olemba akunja amavutika kuchipeza, chifukwa kwawo anthu awiri akafunana palibe wowaletsa. N'chifukwa chake amapeka maukwati a pangano, mabodza a chibwenzi chonamizira, ndi adani amene amadana popanda chifukwa kuti adzakondane bwino. Ife zopinga tili nazo zodzaza nkhokwe. Mtsikana wa ku Muloza wakondana ndi mnyamata wa ku Mzimba, kwawo kolowola, ndipo aliyense mwa awiriwa akuyembekezera kuti mnzakeyo ndiye asamuke. Mphunzitsi wa Seventh Day wa ku Makwasa wafuna mtsikana wa Chikatolika amene amagulitsa pamsika Loweruka. Mkazi wadikira zaka 6 mwamuna ali ku Cape Town, ndipo amene anamuthandiza kufukula katundu m'matope a Freddy ndi mnyamata wina wofatsa wa pamudzi pomwepo. Mkamwini wamanga nyumba ya njerwa zootcha, mkazi wake wamwalira, abale a mkaziyo akumuyang'ana ndi diso lakuti nanga mukudikira chiyani, koma iye ndi mlamu wake wamasiye ayamba kumvana. Nkhani zimenezi zili ndi nsanje, zili ndi misozi, zili ndi zoseketsa, ndipo zikhoza kuthera paukwati bwinobwino popanda wina kutsekerezedwa pakhoma.

Nanga achinyamata athu amene akulemba nkhani m'Chichewa pa Facebook akulemba zotani? Ndimawawerenga, ndipo ena ali ndi dzanja labwino zedi, amadziwa kukusiya pamalo oti sugona. Koma mwamuna wawo ndi yemwe uja, angomusintha dzina. Ndi CEO, mkulu wa kampani, amakhala ku Namiwawa kapena ku Area 43, amayendetsa Range Rover. Mtsikana ndi wantchito wa m'nyumba wochokera kumudzi, ndipo mudziwo umangotchulidwa ngati malo othawako. Apongozi, ngati alipo, ndi mfiti yobwerekedwa ku mafilimu a ku Nigeria. Ankhoswe, amene kuno ndiwo amamanga ndi kumasula mabanja, simuwapeza n'komwe. Chikhalirecho a ku Nigeria omwewo anatisonyeza njira ina. Ku Kano, kuyambira m'ma 1980, amayi akhala akulemba timabuku tachikondi m'Chihausa, togulitsidwa pamsika, tokamba za mitala, za maukwati okakamiza, za mtsikana wofuna sukulu. Atsogoleri ena a kumeneko anakwiya nato mpaka kutiletsa, umene ndi umboni woti tinkakhudza pamene pali bala. Amayiwo sanasiye chikondi kuti alembe za mavuto. Analemba chikondi cha anthu okhala ndi abale.

Ndinamufotokozera zonsezi mwana wa achemwali anga tikusenda chinangwa, mwina motalikitsa, poti uphunzitsi sutha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Ndiye mukufuna ndiziwerenga za amalume? Anti, amalume ndimawaona tsiku lililonse. Ndikagwira foni ndimafuna ndipite kumene kulibe amalume."

Ndinasowa choyankha msanga, ndipo mpaka pano yankho lake likundizungulira m'mutu, chifukwa ndi zomwe amayi a ku America aja ananena. Komabe ndikuganiza kuti sanapezebe buku limene amalume ake enieniwo, ndi chipewa chawo ndi njinga yawo, amagonja pamapeto n'kuvina pa chinkhoswe. Kuthawira ku New York n'kokoma, koma foni ikazima umabwerera pomwe unali. Kuona mtsikana wonga iwe akupambana pabwalo longa la kwanu, mwamuna wake atasiya zonse kudzamanga pa malo a amayi ako chifukwa chofuna iweyo, kumeneko ndi kuthawa kwa mtundu wina, ndipo palibe anamupatsako kuti alawe.

Pali mnyamata wina wokonza njinga zamoto amene masiku ano amadutsa pasaluni paja kawiri patsiku, ngakhale njira ya kwawo sidzera kumeneko. Sabata yatha anabweretsa nanazi ziwiri za ku Mulanje, n'kuzisiya pakhomo osanena kuti n'za yani. Achemwali anga amuona kale, ndipo afunsa kale kuti kwawo n'kuti ndipo malume ake ndani. Mwini nkhaniyo akuti akaganize kaye. Ali pa gawo 240, ndipo mpondamatiki uja wachita ngozi ya ndege, waiwala zonse, kuphatikizapo dzina la mkazi wake.